Pepala Lopinda Kawiri

14 Meyi

Okondedwa Amayi,

Choyamba ndikonze zimene azakhali akhala akufalitsa. Sanandichotse ntchito, ndipo sindinaswe makina a anthu. Anandilanda kiyi ya chipinda cha makinawo basi, ndipo nkhani yake azakhali akuidziwa theka lokha. Pakamwa pawo pakufunika zipi, ndipo poti inu ndinu telala, mukhoza kuwasokera.

Ndikhulupirira kuti miyendo ija yasiya kutupa. Ine ndili bwino, moti ndikulemba kalatayi ndikuseka ndekha.

Ndifotokoze kaye ntchito yanga, poti kumeneko mumati ndimatsuka mabotolo. Mabotolo ndimatsukadi, koma ntchito yeniyeni ndi iyi. Kuno ku labotale ya yunivesite timapanga timiyala kuchokera ku puloteni, tochepa kuposa kanjere ka mchere. Ine ndimatola kamwalako ndi kawaya kopyapyala ngati tsitsi, n'kukaziziritsa ndi mpweya wozizira koopsa, n'kukaika m'makina a ekisire. Kuwala kukadutsa m'kamwalako, pa chithunzi pamatuluka madontho ambirimbiri. Kompyuta imawerenga madonthowo n'kutiuza mmene puloteniyo inaumbidwira. Dzanja likanjenjemera, kamwala kapita. Langa silinjenjemera, n'chifukwa chake kiyi yakhala ndi ine zaka zisanu ndi chimodzi.

Mwezi watha kompyuta inayamba kukana. Madontho akuoneka bwinobwino, koma iyo ikuti sakugwirizana. Timiyalato tinali ta wophunzira wina amene timamutcha Dokotala Mawa, chifukwa chaka chilichonse amati digiri yake amaliza mawa. Anayesa pulogalamu iyi, anayesa iyo, mpaka tsitsi linayamba kuthothoka. Kenaka anaona kuti pa zithunzi zina pali mizere yozungulira ngati mphete. Imeneyo imabwera pa kamwala pakagwira ayezi poziziritsa. Basi, wolakwa wapezeka.

"Apulofesa, vuto ndi ayezi," anatero kwa bwana wathu pamsonkhano, osandiyang'ana n'komwe. "Achemwaliwa akuziziritsa mochedwa."

"Timiyala tilipo tisanu, ayezi ali pa kamodzi," ndinatero. "Tinayi tinato tikukana chifukwa cha chisoni?"

"Zimenezi zimaphunziridwa m'chaka chachinayi," iye anatero. "Chija simunafikeko chija."

Amayi, mumandidziwa. Ndinamuyankha kuti ine sukulu ndinaisiya kamodzi, pomwe iye sukulu ikumusiya chaka ndi chaka. Apulofesa sanaseke. Anatambasula dzanja, ine n'kuikamo kiyi. Anati vutoli likapanda kuoneka mutu wake pofika Lachisanu la sabata yotsatira, aphunzitsa wina ntchito yanga, ine ndizikhala ku sinki.

Ndiulule kwa inu nokha kuti ndinalira m'chipinda chosungira mabotolo, chitseko nditatseka. Si kuti sinki ndimainyoza ayi. Koma chipinda cha makina ndi malo okhawo amene palibe amandifunsa za satifiketi.

Lachinayi, kutatsala tsiku limodzi, ndinapeza chithunzi cha mphete zija mu bini. Dokotala Mawa anachisindikiza n'kuchitaya. Pa chithunzi chilichonse kompyuta imaika kamtanda kosonyeza pamene ikuganiza kuti ndi pakati pa kuwala, ndipo kuwerengera konse kumayambira pamenepo. Ndinachiyang'ana uku ndikupukuta m'manja, ndipo china chake chinandikana m'maso, monga mmene inu mumaonera siketi yopendekera mwini wake akadali kumsewu. Mphete ya ayezi imazungulira pakati penipeni pa kuwala, ndipo singaname. Ndinakumbukira mmene mumapezera pakati pa nsalu ya tebulo lozungulira. Ndinagunditsa pepalalo pawindo, n'kulipinda mpaka theka la mphete linagona pa theka linzake, n'kulipindanso mbali inayo. Pamene mizere iwiriyo inakumana, sipanali pa kamtanda ka kompyuta. Pakati pa malo awiriwo pakanakwana chala changa chachikulu.

Ndinakagogoda kwa Apulofesa, manja akadanunkha sopo.

"Mwabwera kudzapepesa?" anafunsa.

"Ayi, ndabwera kudzakuonetsani luso la amayi anga."

Anavala magalasi, anayeza ndi rula, n'kuyezanso. Kenaka anaitana Dokotala Mawa, tonse atatu ulendo ku kompyuta. Zinapezeka kuti injiniya amene anakonza makina mwezi watha, polemba nambala ziwiri zosonyeza pakatipo, anazisinthanitsa. Yoyeza chopingasa anailemba pa malo a yoyeza chotsika. Anthu a madigiri awiriawiri anatha milungu itatu akulimbana ndi madontho, osayang'anako nambala ziwirizo, poti makina salakwitsa. Dokotala Mawa anazibweza m'malo mwake. Ndisanameze n'komwe malovu, timiyala tonse tisanu tinawerengeka, ngakhale ka ayezi kaja.

Dokotala Mawa, bambo wamkulu ndi ndevu zake, anakhala pansi pasimenti, akuseka, misozi ili chuchuchu.

"Achemwali, mwandipulumutsa," anatero.

"Dzukani, Adokotala, mudetsa buluku. Mawa lija lafika."

Apulofesa anandifunsa kuti njirayi ndinaiphunzira kwa yani. Ndinati kwa mphunzitsi amene sanamalize ngakhale pulayimale. Anapempha pepalalo kuti alikhome pakhoma, ine ndinakana. Ndi limene mwalipeza mu envulopu muno. Chonde musalisite, mizereyo ndiyo nkhani yake.

Pempho langa ndi limodzi. Ngati muli ndi kansalu kotsala, mundisokere kachingwe kolimba kovala m'khosi, kosaduka msanga.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu, ndiponso kwa azakhali zipi ija isanatsekedwe. Bambo muwapatse moni ngati angaulandire. Musawawerengere kalatayi. Mungowasiyira pepalalo pampando pawo, mwina adzafunsa okha. Ndikudziwa kuti felemu ija anagula kuti adzaikemo satifiketi yanga ikadali pamwamba pa wadiropu, yopanda kanthu. Sindikunena kuti achitepo kalikonse. Ndangoti ndikuuzeni kuti pepalali ndaliyeza, ndipo likhoza kukwanamo.

Ndine mwana wanu wamakani uja.

Kiyi ija ili m'thumba la yunifolomu yanga. Apulofesa anaibweretsa okha ku sinki.