Dzina Lomaliza Linali la Amalume

Okondedwa achemwali anga a Indumathi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino ku Napoli kumeneko, pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi msana uja unaleka? Agogo mumawasamalirawo musamawanyamule nokha, msana ndi umodzi. Kuno tili bwino. Amayi bondo likuwavutabe, koma pakamwa pokha pali bwinobwino.

Nkhani mwaimva kale pafoni, yoti Nyumba ya Malamulo yatsegula kafukufuku wa a Pulezidenti. Mwamva kuti tapambana, koma njira yomwe ndinadutsa simunaimve. Ndikufuna muimve kwa ine anthu amiseche asanakupezeni.

Patha zaka zitatu chiwomberedwe mlongo wathu Ruwansiri padamu paja, tsiku lomwe alimi anapita kukafunsa madzi a mpunga wawo. Funso lathu lakhala limodzi: analamula asilikali kuwombera ndani? Mukudziwa kuti n'chimene ndinalowera uphungu.

Lamulo limati kuti Pulezidenti afufuzidwe, aphungu opitirira theka asayine pempho, ndipo a Sipikala alilandire. Akangolilandira, Pulezidenti sangathenso kuthetsa Nyumba. Koma akayamba ndi iye kuithetsa, mapepala athu onse amasanduka okulungira nsomba.

Ankatitsogolera ndi a Nizamdeen, phungu wachisilamu wakum'mawa uja, wamimba yaikulu ndi nthabwala zosatha. Anzathu ankafuna kulemba milandu makumi awiri. Iwo anakana, amvekere: "Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada! Lembani umodzi, wa padamu." Anatiletsanso kulemba zoti a Pulezidenti achotsedwe. Tinangoti afufuzidwe, kuti aphungu a chipani cholamula azisayina n'kumanena kuti akuthandiza bwana wawo kuyeretsa dzina.

Aliyense ankasayina papepala lakelake, osaona dzina la mnzake, chifukwa phungu wamantha safuna kukhala woyamba. Tinatola mayina limodzilimodzi kwa miyezi iwiri. Pofika sabata ya Chaka Chatsopano chathu, tinali titaperewera dzina limodzi lokha.

Kenako mphekesera inatipeza yoti a Pulezidenti anunkhiza, ndipo athetsa Nyumba. Koma mukuwadziwa, munthu uja sayetsemula asanafunse wowerenga nyenyezi. Iyeyo anawalangiza kuti asayine kalata yothetsa Nyumba pa mphindi yomwe dziko lonse limayamba ntchito ya chaka chatsopano, 12:41 masana, atayang'ana kummwera. Mtima wawo unali m'malo, podziwa kuti m'mawa wonsewo ndi nonagathe, maola omwe palibe amakoleza moto, kudya, kapena kugwira cholembera.

M'mawa wa tsikulo a Nizamdeen anaimitsa galimoto pakhomo pa amayi n'kundiuza kuti: "Mlongo, watsala mmodzi, ndipo magazi ake ndi ako." Achemwali, khalani pansi. Ankanena amalume a Wimalasena, phungu wa chipani cholamula.

Sindinaiwale ayi. Pamaliro paja amalume, poteteza chipani chawo, anati mnyamatayo anaziputa yekha. Inu munandigwira dzanja pabokosi n'kundilumbiritsa kuti m'banja mwathu palibe adzawagwadirenso kapena kuwapatsa bulath, masamba aja timapereka kwa akuluakulu titagwada pa Chaka Chatsopano. Ndinalumbira ndi mtima wonse. Lumbirolo ndaliphwanya.

Ndinatenga mtolo wa masamba a bulath womwe amayi anasungira akuluakulu. Amayi anandiona, n'kungondikonzera nsalu yanga ya sari paphewa.

Amalume ndinawapeza pakhonde, kukhitchini kuli zii, nkhope ili ya njala. Atangondiona anati: "Eee! Olemekezeka a mbali yotsutsa! Mwasochera kapena? Ine ndimayesa njira ya kwa malume inamera udzu." Ndinagwada n'kutambasula masambawo ndi manja awiri. Sindikunamizani, ndinagwada ndi mkwiyo, osati ulemu.

Masambawo sanawalandire msanga. Monga mukudziwa, bulath sakanidwa, ndipo wolandira wavomera kuti mkangano watha. Anandifunsa ngati ndabwera monga mwana wa mlongo wawo kapena monga phungu. Ndinati zonse ziwiri, ndipo pepala lili m'chikwama, sindikubisa. Anaseka, amvekere: "Liuma la mayi ako lenileni! Ndiye ukufuna ndigwire cholembera mu nonagathe? Tsoka lindidye chaka chonse?"

Apa magazi anandikwera. Ndinawakumbutsa kuti Ruwansiri anatuluka m'nyumba pa ola labwino lomwe owerenga nyenyezi anamuwerengera, atadya mpunga wamkaka, n'kubwerera ali m'bokosi. Ndinati tsoka linalowa kale kwathu, amalume, ndipo silinayang'ane wotchi.

Pamenepo anawalandira masambawo. Anati zaka zitatu, Chaka Chatsopano chilichonse, akhala pakhonde lomwelo kudikira mwana wa mlongo wawo, osabwera aliyense. Kenako ananena zomwe sindinkayembekezera. Tsiku la padamu anali m'chipinda momwe lamulo lowombera linaperekedwa pafoni, ndipo anamva ndi makutu awo. Mawu oipa a pamaliro aja akuti anali mantha basi.

"Bweretsa cholemberacho," anatero. "Tsoka la chaka chino likhale langa. Undilembenso kuti mboni yoyamba ndine."

A Nizamdeen ndinawapeza injini ikulira, akutafuna roti ya kokonati mopanda manyazi, ine m'mimba mukulira. Amvekere: "Anthu inu mukaleka ntchito dziko lonse, Msilamu ndiye mfumu ya msewu. Gwiritsa mpando!" Msewu unali mbee, ngakhale basi imodzi. Ulendo wa maola atatu tinauyenda awiri, ine ndikupemphera, iwo akuimba.

A Sipikala tinawapeza kunyumba kwawo, nthawi yokoleza moto itakwana kale, mkaka wamwambo wa Chaka Chatsopano utasefukira m'mbiya. Mapepala athu anakana kuwakhudza. Anati tiike patebulo, iwo sagwira ntchito nthawi isanakwane ngakhale dziko lipse. Ndinawanong'oneza a Nizamdeen kuti a Sipikala ndi a Pulezidenti akasayina mphindi imodzi, wapambana ndani? Iwo anangotola chitumbuwa m'mbale ya eni nyumba, n'kuti: "Fatsa, mlongo."

12:41 itakwana, makombola analira mzinda wonse. A Sipikala anayang'ana kummwera, anawerenga mayina, anasayina, n'kulemba nthawi. Ntchito yawo yoyamba ya chaka inali imeneyo.

Kunyumba ya boma nakonso a Pulezidenti anasayina mphindi yomweyo. Koma apa ndi pomwe panagona nzeru za a Nizamdeen. Pempho lathu limayamba kugwira ntchito a Sipikala akangosayina, pomwe kalata yothetsa Nyumba imadikira kusindikizidwa m'nyuzipepala ya boma. Nanga osindikizawo anali kuti? Kumidzi kwawo, ngati aliyense, akudya ndi ana awo! Anawasakasaka ndi magalimoto, ndipo woyamba anamupeza dzuwa litapendeka, ali pa katungwe. Pomwe makina ankalira, wailesi inali italengeza kale kuti pempho lalandiridwa ndipo Nyumba singathetsedwe.

Achemwali, ndinavina pakapinga wa a Sipikala, ine mayi wamkulumkulu, misozi ili chuchuchu. Sindinasangalalepo chotere chiikire Ruwansiri. A Nizamdeen ankangoti wowerenga nyenyezi uja anawerenga thambo lonse n'kuiwala kuti anthu ali patchuthi.

Komiti ikhala pa 6 mwezi wamawa. Sindikulonjezani kuti a Pulezidenti agwa, ulendo ukadalipo. Koma funso lathu lidzafunsidwa mokweza, dzina la mlongo wathu lidzatchulidwa m'Nyumba, ndipo munthu uja adzayankha. Amayi akuti adzakhala mpando wakutsogolo ngakhale bondo likane.

Tsono ine, kupambana konseku, mtima sunakhazikike. Ndinakulumbirirani pabokosi la mlongo wathu, ndipo ndagwadira munthu yemwe munati tisadzamugwadire. Ndikanakuuzani m'mawa uja mukanandiletsa, n'chifukwa chake sindinaimbe. Mukafuna kundikalipira, ndikalipireni, ndinu akulu. Koma musandisiye osandiyankha, chete wanu ndimamuopa kuposa asilikali.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Tharushi, ndi kwa Minura yemwe akuti wandiposa kale msinkhu. Amayi akuti muzivala zofunda. Madalitso a Buda akhale panyumba panu chaka chonsechi.

Tsamba louma lomwe mwalipeza m'kalatamu si langa. Ndikutuluka pakhonde paja, amalume anasolola limodzi pamtolo uja n'kundiitana. Anati: "Ili ukatumize kwa mkulu wako. Umuuze kuti ulendo uno wogwada ndine."

Achemwali, bulath sakanidwa.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Sepalika