Dzina la Foda Silinawoloke

Lolemba, 9 Juni

Masikiripiti awiri, timapulogalamu ta pa kompyuta, ndamaliza. Yoyamba ili pa laputopu yanga, imasunga dzina la foda ya mafayilo akale. Imapatsira dzinalo yachiwiri, ya pa kompyuta ya kachipatala ka kutsidya kwa mtsinje, kuti ifufute fodayo. Ndayesa muno mu ofesi, zayenda. Ndatumiza masana. Nsapato yakumanzere yayambanso kundiluma.

Lachiwiri, 10 Juni

Foni ya anamwino akutsidya, chikwama ndisanatule n'komwe. Mayina a odwala sakuoneka. Onse. Ndati mwina netiweki. Bodza.

Ndalowa pa kompyuta yawo ndili pampando wanga. Mbee. Dzina la foda lija ndinalitsekera m'zizindikiro zolakwika polemba sikiripiti, ndiye kumeneko linafika lopanda kanthu. Sikiripiti sinafunse munthu. Posowa dzina, inasesa zonse.

Sindinauze aliyense.

Lachitatu, 11 Juni

Bakapu yomaliza, kope losungidwa padera, ndi ya Epulo. Miyezi iwiri kulibe. Amayi oyembekezera, a shuga, a mtima. Anamwino akuti akufunsa odwala mmodzimmodzi, "Mapiritsi anu ndi oyera kapena achikasu?" Bambo wina wayankha kuti amamwa amene wapatsidwa. Akamupatsa olakwika, wamupha ndani?

Ndevu, mnzanga wa tebulo loyandikana, akuti, "Achemwali, nkhope imeneyo ngati mwaponda njoka." Ndaseka. Kenako kukasanza kuchimbudzi.

Bambo a kunyumba akuganiza kuti ndi mimba. Bola ikanakhala mimba.

Lachisanu, 13 Juni

Dzulo cholembera chinandikana.

Lero ndaulula. Abwana sanakalipe, anangovula magalasi. "Mukanandiuza Lachiwiri, mayi." Mawu amenewo kuposa mbama.

Ndevu anali pakhomo, wamva zonse. Kani Lolemba, pofuna kundipeputsira ntchito, anakopera sikiripiti yachiwiri ija ku zipatala zina zinayi. Yokha, popanda yoipatsa dzina. Anaitchera kuti idzadziyendere lero 12 koloko masana.

Zitatu taziimitsa. Chachinayi, cha kuphiri, netiweki yagwa, sitingalowe. Koma kompyuta yawo ili moyo, wotchi yake ikuyenda. Galimoto ndi maola atatu.

Pano 11:46. Abwana akuimbira mlonda wa kuphiriko, Ndevu akuimbira anamwino akomweko. Wina angozula chingwe pakhoma, basi. Ndikulemba kuti manja apeze chogwira.

Foni ya anamwino ikungoitana.

11:52. Wina wayankha, koma akuti kiyi wa chipinda cha kompyuta ali ndi...