Piritsi Lili M'kapu Yabuluu

Mayi a mapasa,

Ndapeza mwapita ndi ana kusikelo, foni mwaisiya pabedi. Ine ndathamangira lole yanga ya matailosi, yafera panjira. Koma nkhani yaikulu nayi. Lamlungu masana paja ndinakuuzani kuti ndathira panja nthawi yake. Ndinanama, ndinachedwa pang'ono. Ine, amene ndakwera ndege m'maiko khumi ndi anayi osasiyidwapo!

Lero ndinali woyamba kufamase, nditavala masilipasi anu. Mayi wogulitsa mankhwala andiseka mpaka kugwira kauntala. Akuti njira yangayo imagwetsa ngakhale akatswiri, ndipo piritsi lolera la pangozi limagwira bwino likamwedwa msanga, masiku atatu asanathe. Lero ndi Lachiwiri, ndiye musayambe ndi kundikalipira, yambani ndi madzi.

Lili m'kapu yabuluu pamwamba pa firiji. Mukasanza pasanathe maola awiri, imbani, ndibweretsa lina.

Pepani, bwana wanga. Sukulu yanu ya unamwino iyamba mwezi wamawa, sindikufuna mukalowe m'kalasi mutanyamula mapasa ena. Loweruka tipite limodzi kuchipatala, mukasankhe njira yeniyeni. Luso langa lija ndalipumitsa ntchito.

Mwamuna wanu wotchuka, lero wogwada.