Fayilo ya Kwathu Ili Pansi pa Mulu

Wakefield,
17 Ogasiti 2025

Okondedwa achimwene a Watson,

Ndalemba kuti okondedwa chifukwa ndi mmene anatiphunzitsira kuyamba kalata. Musatengeke nazo. Foni munandidulira Lamlungu lapitali, ndiye ndati ndilembe papepala, popeza mapepala ndiwo mumawalemekeza kuposa anthu. Koma kalata inoyi musaiyike pansi pa mulu.

Ine ndili bwino, ngati mukufuna kudziwa. Ndikugwirabe kunyumba yosamalira okalamba ija kuno kwa azungu, mashifiti a maola khumi ndi awiri, kusambitsa ndi kudyetsa makolo a eni ake. Pamenepo mayi anga ine, a zaka makumi asanu ndi awiri, akuingitsa njovu kudimba ndi chitini ndi ndodo.

Ndikukumbutseni, poti mwina likulu linakuiwalitsani. Khonsolo ya kwathu ndi makomiti a m'midzi analemba pulani yosamalira nkhalango ndi nyama zake. Muli mpanda wa magetsi, njira yoti njovu zizidutsa popita kumtsinje, ndi ming'oma ya njuchi m'malire. Bungwe lomanga mpanda lilipo, waya anafika kalekale ndipo akungochita fumbi. Sangazike mtengo ngakhale umodzi mpaka likulu livomereze. Fayilo ya pulaniyo inafika mu ofesi yanu kulikuluko mu Febuluwale 2023. Wofunika kuiwerenga ndi kuisaina ndi ndani? Ndi inu, mwana wa mayi omwewo.

Ndikudziwanso lamulo la mu ofesi mwanu, loti chiwerengero cha nyama chikapitirira zaka zitatu mumati chatha ntchito, ndipo pulani mumaibweza kuti akawerengenso. Njovu za kwathu zinawerengedwa mu Okotobala 2022. Ndikudziwa bwino chifukwa anaziwerenga ndi ine. Milungu isanu ndi umodzi ndinayenda m'tchire ndi alonda a nkhalango, kuwerenga ndowe mzere ndi mzere, nkhupakupa mpaka m'khwapa. Yatsala miyezi iwiri. Ikatha, mudzalemba ndi cholembera chanu chofiira chija kuti chiwerengero n'chakale, ngati kuti chinakalamba chokha, ndipo anthu adzayambiranso pachiyambi.

Zimene munanena pafoni ndikuzilemba pano kuti muzione ndi maso, mwina mungachite nazo manyazi. Ndinakufunsani kuti, "Achimwene, fayilo ya kwathu ili pati?"

Munati, "Ili pamzere."

"Mzere wanji wosayenda? Za maboma ena zinabwera pambuyo, zinadutsa."

"Akuzike, ndikasaina ya kwathu anthu anena kuti Watson wakondera kwawo. Ikafika pamwamba ndimaibwezera pansi. Dzina langa muno ndi loyera."

"Ndiye ipatseni mnzanu awerenge."

"Aziti ndamunong'oneza. Iwe za ofesi ukuzidziwira kuti? Digiri yomwe inakukanika."

Kenako foni thii.

Dzina loyera! Pitani mukalionetse kwa akazi a Lucius. A Lucius aja, oyandikana nafe dimba, amene anakunyamulani panjinga kukakusiyani kusekondale. Njovu inawapeza m'mawa akuthirira mpiru, mwezi wathawu. Kumaliro simunapite, munati muli ndi msonkhano. Anthu anadutsa pa mitembo ya tomato kukatenga mtembo wa munthu. Kuchoka pamene anagwerapo kufika pa chitsime cha amayi ndi mapazi makumi anayi. Ndinawauza ana a kumudzi kuti ayese, ndipo anayesa.

Ndikuuzeni za kuno. Denga la nyumba yathu ya okalamba linayamba kudontha chaka chatha. Amisiri atakwera anapeza mileme, ntchito n'kuima pomwepo, chifukwa kuno mileme ndi yotetezedwa. Kunabwera mayi wina ndi kamakina, anawerenga milemeyo, analemba pulani yoisamutsira m'timabokosi, n'kutumiza kwa akuluakulu ake. Mnzanga Monde, wa ku Zambia, anaseka mpaka misozi. Anati, "Iwe Akuzike, mleme wa kuno uli na mapepala kupambana ise, viza yake siisila, siitha ntchito!" Ine sindinaseke. Yankho linabwera pasanathe miyezi iwiri, ndipo azungu ankadandaula kuti lachedwa. Mleme wa ku Wakefield umayankhidwa m'miyezi iwiri. Mayi anu adikira zaka ziwiri ndi theka, ndipo wowadikiritsayo anamubereka okha.

Tsopano za digiri, popeza mumakonda kundilasa nayo. Ndinakuuzani nonse kuti ndinasiya yunivesite chifukwa mwayi wa viza unapezeka. Linali bodza. Mphunzitsi wina anatenga chiwerengero changa chija n'kuikapo dzina lake lokha. Ndinamutchula wakuba pamaso pa kalasi yonse. Akuluakulu a yunivesite anandiimitsa, n'kunena kuti ndikalemba kalata yopepesa ndibwerera. Mizere itatu yokha. Ndinakana, ndipo mpaka lero ndikakumbukira nkhope yake ndimakanabe. Mukuona tsono kuti matenda athu ndi amodzi, tinayamwira bere limodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti kunyada kwanga kunadya digiri yanga, ndipo ndikulipira ndekha ndi msana wanga potukula nkhalamba. Kwanu kukudya anthu ena.

Ndiponso ndisabise, chiwerengero chimenecho ndi chinthu chokhacho chimene ndinamaliza pa moyo wanga. Dzina langa palibepo, koma ndowe iliyonse ndikuidziwa. Sindilola kuti chiwolere m'kabati mwanu.

Ndiye mverani. Sindikupempha kuti musaine mwakhungu. Werengani, ngati muli zolakwika nenani, akonze. Ngati manja anu ndi oyera kwambiri moti sangagwire fayilo ya kwawo, lembani kwa abwana anu kuti ndinu wa komweko, aipereke kwa wina. Zimenezo mukanachita tsiku loyamba. Ndikukupatsani mpaka pa 1 Sepitembala.

Tsikulo likadutsa, pali kalata ina imene ndalemba kale. Makomiti onse asanu ndi atatu asainira, ena ndi chala. Ikupita kwa mkulu wa nthambi yanu. Tikupempha kuti pulani iliyonse yochokera kumaboma iziyankhidwa pasanathe masiku makumi asanu ndi anayi, inde kapena ayi, ndiponso kuti masiku amene fayilo yagona kulikulu asamawerengedwe pokalambitsa chiwerengero. M'ndime yachitatu muli dzina lanu, ndi mawu anu aja oti mumaibwezera pansi. Ndinazengereza masiku awiri ndisanalembe ndime imeneyo. Ndikunena kuti mudziwe kuti sindinaikonde, osati kuti ndiichotsa. Mudzati mlongo wanu wakuipitsirani dzina. Nenani. Ndi bwino mundide ndili ndi mayi kusiyana n'kuti tidzagwirizane pamaliro.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Diana, ndiponso kwa Thoko ndi Emily. Muwauze anawo kuti majuzi awo ndagula, adzabwera ndi munthu wa kutchalitchi kwathu mu Disembala. Iwo sanandilakwire.

Amayi ndinayankhula nawo dzulo. Sakudziwa kuti fayilo ili m'manja mwanu, akuganiza kuti ili ndi akuluakulu ena oipa mtima amene inu mukulimbana nawo. Sindinawauze. Anandiletsa kukuvutitsani, akuti mwana wawo ali ndi ntchito yaikulu ya boma. Akuti ndikupatseni moni, ndipo mukapeza mpata mupite mukatenge mbatata. Akusungirani mizere iwiri imene njovu zinasiya.

Ndine mlongo wanu, wosamaliza sukulu uja,

Akuzike