Adani a M'gemu Andilanda Omvera Nthano Zanga

Aphungu,

Ndiyambe ndi kupepesa, ine sukulu sindinaiponde. Amene agwira cholembera ndi mayi akunyumba, a Elube, ndipo ndawauza kuti alembe mmene ndikulankhuliramu, asachotsepo olo liwu limodzi, ngakhale pamene ndikuwadandaula iwo omwewo.

Ndine bambo wachikulire, kwathu ndi ku Dedza, koma ndakhalitsa kuno ku Joni. Ndimasamala maluwa ndi kapinga pa nyumba ina ku Silverton, timagona m'kachipinda kakuseri. Chuma ndilibe, koma pakamwa Mulungu anandipatsa. Nthano ndinazitola ndi khutu kwa amalume anga, amene ankayenda nazo m'maukwati. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, anzathu akumudzi ankadzaza pakhomo panga, ena ogwira m'nyumba za ku Arcadia, ena a m'mafakitale. Ndikangoti "Padangotero," onse pamodzi "Tili tonse!" mpaka galu wa abwana kuyamba kuuwa.

Kenako kunabwera a Kalimu. Ndi munthu wa ku Mangochi, amagulitsa mafoni m'tauni, waulemu wake, sindingawanamizire. Ali ndi kamakina ka magemu koma TV yawo inafa, ndiye anapempha kuti azilumikiza pa yanga. Ndinavomera ndi pakamwa panga pomwepa.

Aphungu, gemuyo ndi ya nkhondo. Amakuponya m'dziko lalikulu, tchire ngati la kwathu, udzu wouma, misewu yafumbi, popanda wokuuza kolowera. Ine ndinkayesa ndi ngati filimu, yoti ukaonera kawiri yakukwana. Ayi ndithu. Adani a mmenemo ali ndi mutu. Ukamuwombera mmodzi mwendo, mnzake amabwera kudzamukokera kuseri kwa galimoto. Ukabisala amayitanizana, ena akukunyengerera kutsogolo, wina akukuzembera kumbuyo. Msasa womwewo, lero akuthamangitsa, mawa athawa okha. Palibe Lamulungu limene zinachitikapo mofanana. Ndiye anthu anga maso onse pa TV, ine ndili kalikiliki kuwiritsa tiyi ngati ndinalembedwa ntchito.

Tsiku lina anandikakamiza. "Madala, tagwirani nanunso mulawe," anatero a Kalimu. Zala zangazi n'za khasu. Ndimafuna kutsegula mapu, ndinadina batani lina, munthu wanga wa m'gemumo n'kuponya botolo la moto m'udzu. Mphepo inatembenuka, moto uja ulendo wa kumsasa wa adani. Anabalalika ngati mbewa tchire likamapsa. Galimoto yawo inaphulika, wina pothawa ndi galimoto ina n'kugunda mnzake. A Kalimu anachita kuimirira: "Eish, izi sindinazionepo chigulireni!" Mtima wanga unakwera, Aphungu. Pomwepo wina mwa oonera anakuwa kuti, "Ali kumbuyo kwanu!" Ine m'malo modina batani ndinatembenuka thupi lonse kuyang'ana kuchitseko, chigongono n'kukankha ketulo. Pobweza maso, munthu wanga ali kwala, wafa.

Lamulungu linzakelo magetsi anazima masana, monga akuchitira masiku ano. Ndinathokoza Mulungu chamumtima. Ndinakonza kukhosi, n'kuti "Padangotero." Anayankha munthu mmodzi, nayenso maso ali pa foni. Ena onse anali atazungulira a Kalimu, amene ankafotokozera omwe kunalibe za moto wanga uja, n'kumayerekeza mmene ndinatembenukira, ketulo ikugubuduzika. Kusimba kwakenso kopanda mchere, kuyambira kumapeto, kuthamangira poseketsa asanawakonze anthu. Koma anthu anagwa nazo. A Elube akulembawa anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Ine sindikumbuka chaka chimene anandisekera choncho. Nditawafunsa titatsala awiri, anati, "Bambo a Vailet, nthano zanu ndimazikonda, koma ndimadziwa ndi pomwe mutsokomolere. Zam'gemuzi sindidziwa mmene zithere."

Ndikuchita nsanje ndi munthu, ndikuchitanso nsanje ndi asilikali oti alibe ndi mpweya womwe. TV ndi yanga, khomo ndi langa. Ndaganiza zowauza a Kalimu kuti kamakina kawo kasapondenso pano. Koma mnzathu wina, a Robert a ku Ga-Rankuwa, agula chiTV chachikulu pokonzekera mpira wa dziko lonse ukubwerawu, ndipo ndikuopa kuti gulu lonse lisamukira kumeneko, a Elube ali patsogolo. Dzana ndinaima ndi kapu ya tiyi pamwamba pa kamakinako, dzanja likundiyabwa.

Ndiwathamangitse kapena nditani?

W.C., Silverton, Pretoria

Bambo W.C.,

Choyamba, ikani kapuyo pansi. Mukathira tiyi kamakina ka eni, nthano imene izisimbidwa kuyambira ku Silverton mpaka ku Dedza ikhala ya inuyo, ndipo simudzaikonda.

Ndafunsako kwa odziwa zamagemu. Asilikali anuwo alibe mutu ayi. Amene anawapanga anangowapatsa timalamulo tochepa: ukaona moto thawa, mnzako akavulala mukoke, mdani akasowa mufunefune. Moto uli ndi kalamulo kake, mphepo nayo kake. Timalamuloti tikagundana ndi zimene wosewera wachita, pamatuluka chinthu choti ngakhale opangawo sanachilote. Mphamvu yawo yonse ndi yakuti amayankha munthu amene ali patsogolo pawo.

Tsono ndikufunseni mosabisa. Inu munasiya liti kuyang'ana nkhope za omvera anu? Sindikhulupirira kuti amalume anu ankasimba nthano mofanana m'maukwati awiri. Ankaona amene wayamba kusinza n'kumulowetsa m'nthanomo. A Elube sanakunyozeni. Anakuuzani chimene enawo akuchita nacho manyazi.

Koma taonani chimene nsanje yakubisirani. Magetsi atazima, anthu aja sanatsanzike. Anazungulira munthu kuti awasimbire. Kamakina kamapanga zochitika, koma pakamwa kalibe. A Kalimu anakhala pampando wanu chifukwa inu munabwera ndi nthano yakale pomwe yatsopano, yanu yomwe, inali m'manja mwanu ikufuka utsi.

Ndiye chitani izi. Kamakinako kasiyeni kazibwera, koma mugwirizane ndi a Kalimu, mwaulemu ngati akuluakulu, kuti tiyi akapsa TV izizimitsidwa. Mwanena nokha kuti ndi munthu waulemu, sakana. Pamene akusewera, siyani ketulo, mukhale pafupi muziona monga munkamvetserera amalume anu. Apempheni mugwirenso, mufe kangapo, sizipweteka.

Ndipo nkhani ya moto ija muisimbe nokha, kuyambira pachiyambi, ketulo yomwe musaisiye, inu mukhale woyamba kudziseka. Msilikali uja amene amabwerera mnzake wovulala, dzina lake ndani? Kwawo n'kuti? Anasiya ndani kumudzi? Kamakina sikangayankhe. Inu mungathe, ndipo pabwalo lodzaza anthu amene anasiya kwawo n'kumadalirana kudziko la eni, muona amene apukute misozi. Mukafika pakati, imani, mufunse mmodzi wa iwo kuti, "Ukanakhala iwe ukanalowera kuti?" Akayankha, mutsatireni, ngakhale akusokonezereni mathero amene munakonza.

Chenjezo langa lili pa a Elube. Nsanje yanu isawagwere iwo. Mayi amene wakhala pansi n'kulemba dandaulo lonena iye yemwe, osachotsapo liwu, sali pa ulendo wa ku Ga-Rankuwa. Koma mukathamangitsa a Kalimu, mutsala ndi TV yanu, khomo lanu lili zii, ndi "Tili tonse" wa munthu mmodzi, amene akudziwa kale pomwe mutsokomolere.

Lamulungu likubwerali, bambo, mutsokomolere pena.

Phungu wanu