Mndandanda ndinaubweza, koma a Kaliati akuti mutu wawo watha

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 34. Chiyambire 2007 ndimayang'anira makompyuta awiri pa kamalo kena ka intaneti kuno ku Phalombe. Kozi sindinapiteko, ndinaphunzira ndekha, ndipo sindibisa, ndimanyada nazo.

Kasitomala wanga wapamtima ndi bambo ena, mlangizi wa zaulimi wopuma ntchito, omwe ndingowatchula kuti a Kaliati. Lachitatu lililonse amapalasa njinga kuchokera cha ku Nkhulambe kudzawerenga imelo ya mwana wawo Hilda, namwino ku Joni. Maso awo ndi ofooka, moti timawu ta pamndandanda wa pamwamba pa pulogalamu yotsegulira intaneti sationa. Ndiye ndinawaphunzitsa kuwerengera: liwu lachitatu kuchokera kumanzere, kutsika kawiri, zilembo zakula, liwu loyamba, kutsika kasanu, kalata yasindikizika. Safuna wowagwira dzanja. Amati, "Mwanawe, khala uko, ine ndi kompyutayi timadziwana."

Mwezi watha pa kompyuta panabwera kauthenga kofunsa ngati ndikufuna pulogalamuyo ikhale yatsopano. Abwana anga, eni malowa, anandiletsa kale kudina zoterezi iwo kulibe, koma ine ndi kudziwa kwangaku ndinadina. Mayo ine! Mndandanda wonse unasowa, kunangotsala kabatani kamodzi pakona. Ndisanadziwe chochita, a Kaliati anatulukira. Anawerengera, kudina, osatheka. Katatu konse. Ine ndi mantha ndinangoti duu, ngati sindikuona. Anavala chipewa chawo n'kunena kuti, "Achimwene anga anayambanso chonchi kuiwala. Basi, mutu watha."

Masabata awiri sanabwere. Ndinafufuza mpaka ndinapeza ekisitenshoni, kapulogalamu kowonjezera kamene kamabwezeretsa mndandanda wakale. Ndinakaika ndekha, osaitana mmisiri wa ku Blantyre, ndipo liwu lililonse linabwerera pamalo pake. Ndinavina ndekhandekha m'chipindamo! Ndinawatumizira uthenga, anabwera, anawerengera, kalata ya Hilda inatuluka bwinobwino.

Koma aphungu, sanasangalale. Akuti tsiku lija linali chenjezo, poti matenda oiwala amayamba mobwera n'kupita. Pa msonkhano wa kumapeto kwa mwezi uno akufuna kutula pansi udindo wa wapampando wa kalabu ya alimi a nandolo, kalabu yomwe anaiyambitsa okha. Mtima ukundiwawa. Koma ndikaulula, abwana adziwa kuti ndinaphwanya lamulo lawo, ndipo ntchito ingandithere. Nditani?

E.M., Phalombe

Mayi E.M.,

Poyamba landirani ulemu wanu. Ambiri akanangoti kompyuta yalodzedwa n'kupinda manja kudikira wa ku tauni. Inu munafufuza mpaka kupeza mankhwala ake. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndakunyadirani kwambiri.

Koma mayi, makina mwachiritsa, munthu mwamusiya akudwala matenda amene alibe. Kudina kuja kunali kulakwa kwakung'ono. Kukhala duu kuja ndiye kulakwa kwakukulu.

Mawa lomwe yambani ndi abwana anu. Auzeni zonse, ndipo muwaonetse mmene mwakonzera. Sindingakulonjezeni kuti adzaseka, koma bwana wanzeru sataya wantchito amene walakwitsa, wakonza yekha, n'kudzaulula yekha. Akakalipa, pirirani, kukalipa sikupha. Moto umabuka akamva kwa ena.

Mukatero musadikire Lachitatu. Pitani nokha ku Nkhulambe mukawapemphe a Kaliati kuti abwere. Mawu okha sangawakhulupirire, adzati mukungowatonthoza monga timachitira ndi okalamba. Akhazikeni pa kompyutapo, muzimitse ekisitenshoniyo iwo ali pomwepo, mndandanda usowe, awerengere, alephere. Muyatsenso, ubwerere, awerengere, zitheke. Bwerezani mpaka aseke okha. Pamenepo apepeseni mosazungulira, muwauze kuti inasintha ndi kompyuta ndipo anaisintha ndinu.

Chenjezo langa ndi ili: ekisitenshoni si yamuyaya. Pulogalamu ikadzasinthanso, ikhoza kuleka kugwira ntchito. Lembani dzina lake m'kope, ndipo muzitenga zoterezi pa tsamba la eni pulogalamu basi, chifukwa zongotola paliponse zimabwera ndi mavairasi. Uthenga wosintha zinthu ukadzabweranso, afunseni abwana, ndipo makasitomala muwachenjeze asanakhale pampando. A Kaliati muwaphunzitse pang'onopang'ono njira ya kabatani katsopanoko. Munthu amene anagonjetsa mndandanda wonse osauona, kabatani kamodzi sikangamuopse.

Tsiku lija bambowo anawerengera molondola katatu konse, sanaiwale kalikonse. Amene akudziwa zimenezi pa dziko lonse lapansi ndinu nokha. Kawauzeni mwezi usanathe, akakhale pampando wawo.

Aphungu