Makope a malemu madamu

Lachisanu, 2 koloko masana, Al Mansoura

Mdzukulu wanga Asiyatu,

Salamu aleikumu. Muli bwanji kumudziko? Ine likundivuta ndi bondo lokha, alihamudulila.

Madamu anga a ku Ireland aja atisiya, matenda a korona. Zaka zonsezi ankalemba nkhani patebulo lakukhitchini, ine ndikusenda anyezi. Ankati kwawo mabuku osonkhanitsa alembi otchuka amadzaza amuna okhaokha, ngati akazi anabadwa opanda zala. Ndinkati, "Madamu, n'chimodzimodzi kwathu. Nyimbo timapeka ife pamtondo, pa wailesi amatchula mwamuna."

Lolemba bwana anandipatsa makope a madamu khumi ndi awiri. Akuti, "Kataye, khalasi," ndiye kuti zatha basi. Mkazi wake mwezi sunathe n'komwe! Ife pepala lolembedwa sititaya pamodzi ndi makoko a nthochi, mwina muli dzina la Mulungu. Ndawabisa m'sutikesi, pansi pa zitenje. Akadziwa anditcha wakuba, andikweza ndege yobwerera kumudzi. Lamulo latsopano lolola wantchito kusintha bwana lija wakuba silimudziwa.

Allah akusunge, mwanawe. Chingerezi cholemba ine sindichiwerenga, ndiye kalatayi ukapatse aphunzitsi ako aakazi aja, andiuze kuti makope a mayi wakufa amatumizidwa kwa yani.

Ndine agogo ako